Domwe, Dedza, Songo kapena Mágoè: kusankha kokayenda m'tchire pochokera ku Ulongwe

Chigawo cha Tete ku Mozambique chimakhala ndi nyengo ziwiri pa tsiku limodzi, ndipo aliyense wofuna kutuluka m'tauni kukakwera phiri kapena kukaona nyama ayambire pamenepo. Ulongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe mzinda wa Tete, m'mphepete mwa Zambezi, sufika ngakhale mamita 200. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera. N'chifukwa chake mu Juni anthu a ku Angonia, komwe kuli Ulongwe, amadzuka akuwotha moto, ndipo mu Okutobala kuchigwa kutentha kumadutsa madigiri 40. Mwezi wokomera Domwe ukhoza kukhala woipa ku Mágoè, ndipo zovala zoyenera uku n'zosathandiza uko.

Chinanso chofunika kuchidziwa msanga n'chakuti kumbali yathu ino njira zambiri za m'tchire zilibe zikwangwani. Ndi tinjira ta abusa a ng'ombe, amayi otola nkhuni ndi anyamata osaka mbewa. Timagawikana kawirikawiri, tina timathera m'munda wa munthu, tina timafufutika udzu ukakula. Choncho pa malo onse amene tikambe pano, munthu wa m'deralo wokutsogolerani ndiye chinthu choyamba kuchipeza, nsapato ndi kamba zibwere pambuyo.

Tinjira ta m'midzi ndi m'madambo pafupi ndi Ulongwe

Iyi ndi njira yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo anthu amainyoza chifukwa ili pakhomo. Mukhoza kunyamuka 6 koloko m'mawa, kuyenda makilomita 8 kapena 10 kudutsa m'madimba a mbatatesi ndi kabichi, n'kubwerera nsima ya masana isanaphulidwe. Pa malo athyathyathya munthu wamkulu amayenda makilomita 4 pa ola. Ngati muli ndi ana, werengerani 3 kapena kucheperapo. Amene akufuna poloza akhoza kukwera chapa (minibasi) kapena njinga yamoto mpaka ku mishoni yakale ya Lifidzi, yomwe ansembe a chiJezuiti anaiyambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, n'kuyendayenda m'midzi yozungulira pamenepo.

Zovuta zake n'zochepa koma n'zenizeni. Kuyambira Disembala mpaka Malichi dambo limakhala lonyowa pansi ngakhale pamwamba paoneke pouma, ndipo timitsinje tomwe mumalumpha mu Ogasiti timadzadza m'maola ochepa mvula ikagwa kumtunda. Osawoloka madzi othamanga opitirira m'mawondo. Osasambanso m'madamu ndi m'zithaphwi zodikha, chifukwa nkhono zofalitsa likodzo zimakhala mmenemo. Ndipo kankhalango kowirira kali pakati pa minda yolimidwa nthawi zambiri ndi manda. Mitengo yake inatsala chifukwa palibe amaidula, ndipo m'midzi ya gule wamkulu dambwe limakhala cha komweko. Osalowamo kukafuna mthunzi, osajambula. Mukakumana ndi gule panjira, patukani, mumusiyire njira, ndipo chitani zomwe eni mudzi akuchita.

Njira imeneyi ndi ya mabanja, achikulire, ndi aliyense amene akukonzekeretsa miyendo asanapite ku phiri. Nyama zikuluzikulu simuziona, koma mbalame za m'dambo zilipo zambiri m'mamawa.

Phiri la Domwe

Apa ndiye tikhalitsepo, chifukwa kwa munthu wa ku Angonia wathanzi labwino, ife timaona kuti Domwe ndiye woyenera kuyamba naye. Nsonga yake ili pa mamita 2,095, ndipo m'chigawo chonse cha Tete mulibe phiri lina loliposa. Lilinso ndi mbiri yolemera: Angoni a Maseko, atabwerera kuchokera kumpoto cha m'ma 1870 motsogozedwa ndi Chidyaonga, anakhazikika m'dera lozungulira phirili, ndipo mpaka lero dzina la Domwe limatchulidwa mwaulemu pakati pa Angoni a mbali zonse ziwiri za malire. Sikuti ndi mwala wongokwerapo n'kutsika ayi.

Dongosolo lake likhale lotere. Fikani m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri dzulo lake, kapena m'mamawa kwambiri. Pitani kaye kwa anyakwawa kapena amfumu, muchite odi, mukhale pansi, munene kumene mwachokera, kuchuluka kwanu ndi chimene mwadzera. Mawu ochepa akwanira: "Zikomo wawa, tabwera kudzaona phiri, timapempha mutipatse mwana wotiperekeza." Tengani kangachepe m'manja, shuga kapena ndalama pang'ono. Funsani ngati pali malo osafunika kupondapo kapena kuloza ndi chala, ndipo mverani zomwe mwauzidwa. Malipiro a wokuperekezani mugwirizane musananyamuke, pamaso pa mboni, komanso mutchule ndalama yake ngati ndi metikali kapena kwacha, popeza m'madera a m'malire ndalama zonse ziwiri zimayenda. Mikangano yambiri ya pobwerera imachokera pamenepa.

Powerengera nthawi, tengani ola limodzi pa makilomita 4 aliwonse, muwonjezere ola lina pa mamita 500 aliwonse okwera, kenako muikepo nthawi yopuma. Kuchokera m'tsinde pali mamita mazana angapo oti mukwere, kotero patulani tsiku lonse. Nyamukani dzuwa likungotuluka. Mu Juni ndi Julaye dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, ndipo mdima wa m'phiri umagwa msanga. Ikani lamulo musanayambe: ikakwana 1 koloko masana mutembenuke, kaya mwafika pamwamba kaya simunafike. Gulu liyende pa liwiro la munthu wofooka kwambiri, ndipo wina wamphamvu atsalire kumbuyo.

Munthu aliyense anyamule madzi malita 2 mpaka 3, juzi ndi chodzitetezera ku mphepo, tochi, chipewa, ndi chakudya chosawonongeka msanga monga mbatata yowotcha, mtedza wokazinga, nthochi ndi mazira owiritsa. Nsapato zikhale zomanga ndi zingwe, za mapazi okhakhala, zomwe mwaziyendera kale. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza musanafike pakati. Posankha saizi siyani mpata wa chala chimodzi kutsogolo, chifukwa potsika phazi limathamangira kutsogolo ndipo zikhadabo zimada. Anthu ambiri amavulala potsika, miyendo itatopa, makamaka pa thanthwe lokhala ndi timiyala kapena udzu wouma, womwe umaterera ngati therere. Ndodo imathandiza, ndipo pa malo otsetsereka kwambiri tsikani chammbali.

Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti. Mu Meyi tchire likadali lobiriwira ndipo mpweya uli woyera, maso amafika kutali, koma udzu ndi wautali, mame amanyowetsa mpaka m'chiuno, ndipo nkhupakupa zimachuluka. Lowetsani thalauza m'sokosi, mukafika kunyumba dzifufuzeni m'khwapa ndi m'mphechepeche. Mu Juni ndi Julaye vuto ndi nkhungu. Imatha kukuta phiri m'kanthawi kochepa mpaka osamuona mnzanu amene ali mamita 10 patsogolo. Zikatero sonkhanani pamodzi, valani juzi, dikirani. Kuyenda mongopenekera pafupi ndi phompho ndiko kumapha. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala anthu amatentha tchire. Moto umathamanga kwambiri pokwera mtunda kusiyana ndi potsika, kotero mukaona utsi m'munsi mwanu musathawire kumtunda. Pitani chammbali, pa thanthwe lopanda udzu kapena pa lupsa pomwe moto wadutsa kale. Utsi womwewo umaphimbanso dziko, ndipo mukhoza kukwera movutikira n'kusaona kanthu. M'dzinja mitambo ya mphenzi imasonkhana masana, ndipo pamwamba pa phiri si pokhala nthawi imeneyo.

M'mitsinje ya m'tsinde samalani ndi chitedze nthawi ya chilimwe. Mukachikhudza musakande, chifukwa mumalowetsa ubweya wake m'khungu. Chotsani ubweyawo pomata tepi n'kumatula, kenako mutsuke ndi madzi ambiri ndi sopo. Njoka yoopsa panjira ndi mphiri, chifukwa sithawa, imangogona pomwepo. Munthu akalumidwa, musateme pabalapo, musayamwe, musamange mwendo ndi chingwe. M'vuleni mphete ndi nsapato, asayende, mumunyamule mpaka pamsewu n'kuthamangira naye kuchipatala cha ku Ulongwe kapena china chapafupi. N'chifukwa chake gulu lisachepere anthu atatu kupatula woperekeza.

Kuwoloka malire: Dedza ndi Chongoni

Kwa amene ali ndi pasipoti, Dedza, ku Malawi, ali pafupi kwambiri kuposa Songo ndi Mágoè. Kuchokera ku Ulongwe kufika pa chipata cha Calómuè sipatenga ola pa galimoto. Phiri la Dedza ndi lalitali pang'ono kuposa Domwe, mamita pafupifupi 2,200, koma n'losavuta kukwera chifukwa tauni yakeyo ili kale pamtunda ndipo pali msewu wadothi wodutsa m'nkhalango ya paini kukafika ku milongoti ya pamwamba. Kusochera n'kovuta. Chapafupi pali Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, omwe UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira ndi za Akafula, zoyera ndi za makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Ku Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi alendo amafikako. Osagwira zojambulazo ndi manja kapena kuzithira madzi kuti zioneke bwino pa chithunzi. Utoto umayoyoka ndipo subwereranso.

Kuipa kwake ndi mapepala ndi nthawi. Funsani ola lotsekera chipata pamene mukulowa, dindani pasipoti mbali zonse ziwiri, ndipo musadalire tinjira tachidule ta m'malire ngakhale anthu a m'midzi amadutsamo tsiku lililonse. Foni ya Movitel kapena Vodacom ikhoza kusiya kugwira mukangolowa mkati. Kwa ana a sukulu ndi oyamba kumene, Dedza amaposa Domwe pa chitetezo. Pa bata ndi tchire lenileni, Domwe ali patsogolo.

Songo ndi damu la Cahora Bassa

Uwu ndi ulendo wa masiku atatu: lopita, loyenda, lobwerera. Kuchokera ku Ulongwe mumatsika pa msewu wa N304 mpaka Mussacama, n'kulowa N7 kudutsa Moatize mpaka Tete, mtunda woposa makilomita 200. Kuchokera ku Tete pali enanso pafupifupi 150: mumatsata msewu wa ku Changara, n'kukhotera kumanja pa Matambo, kudutsa Chitima, kenako kukwera zitunda mpaka Songo. Pa chapa muyenera kusintha galimoto ku Tete, ndipo mukafika mochedwa mudzagona komweko.

Songo ndi tauni yaing'ono yomwe inamangidwa chifukwa cha damu, ndipo poti ili pamwamba pa zitunda, kutentha kwake n'kopiririka kusiyana ndi Tete kapena Chitima. Khoma la damu linatha kumangidwa mu 1974, ndi lalitali mamita 171, ndipo makina asanu opangira magetsi ali m'phanga lokumbidwa m'thanthwe, mphamvu yake yonse mamegawati 2,075. Kuyambira 2007 gawo lalikulu la HCB, kampani yoyendetsa damuli, lili m'manja mwa Mozambique. Kuona damu kumafuna chilolezo cha kampaniyo, choncho lankhulani ndi ofesi yawo ku Songo masiku angapo ulendo usanafike, ndipo aliyense atenge chitupa chake. Jambulani pokhapo pamene akulolani.

Kuyenda pansi kuno n'kosiyana ndi kwa Domwe. Mumayambira pamwamba n'kutsikira kumadzi, ndiye kuti ntchito yolemetsa, yokwera, imabwera pomaliza dzuwa litakula ndipo madzi akumwa atachepa. Apa ndi pomwe anthu amapusitsika. Werengerani kuti pobwerera mudzatenga nthawi yowirikiza kawiri, ndipo theka la madzi anu likatha, tembenukani. Tengani malita 4 munthu aliyense, ndi mapaketi a mchere wobwezeretsa madzi m'thupi. Ngati mulibe, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Madzi otunga m'njira muwiritse kapena muthiremo mankhwala a Certeza motsata malangizo a pa botolo, n'kudikira theka la ola. Munthu akayamba mutu, chizungulire ndi nseru, m'gonekeni pamthunzi, mumunyowetse zovala, amwe pang'onopang'ono. Akayamba kubwebweta, thupi lili juu, imeneyo ndi ngozi yofunika chipatala nthawi yomweyo.

M'nyanja ya Cahora Bassa muli ng'ona ndi mvuu. Osasamba, osatsuka mapazi m'mphepete, osakhala chofulatira madzi, ndipo imani mamita angapo kuchokera pagombe. Okonda mbedza amabwera kuno chifukwa cha nsomba ya mano akuthwa yomwe alendo amaitcha tiger. Kuwedza kwa masewera kumafuna chiphaso, ndipo boti likhale ndi majaketi oyandamitsa okwanira aliyense, popeza mphepo imautsa mafunde aakulu masana. Usiku mudzaona nyali za maboti a kapenta zili mbuu pamadzi. Pobwerera ambiri amagula pende wouma wa ku Chicoa.

Songo ndi woyenera magulu a sukulu, a mpingo ndi mabanja amene akufuna malo ogona abwino, msewu wa tala ndi chipatala pafupi. Meyi mpaka Ogasiti ndiyo nthawi yake.

Paki ya Mágoè

Boma linakhazikitsa pakiyi mu 2013 kum'mwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 3,500. Imayang'aniridwa ndi ANAC, bungwe loona malo otetezedwa m'dziko muno. Derali linali mbali ya Tchuma Tchato, ntchito yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1990 yoti anthu a m'midzi azipindula ndi nyama za m'dera lawo. Pa malo onse amene takamba, kuno kokha ndi kumene mungaone njovu pamodzi ndi mvuu ndi ng'ona m'malo awoawo, pakati pa mitengo ya tsanya ndi milambe. Kuno kokhanso ndi kumene sitingalangize munthu kupita pa chapa.

Pamafunika galimoto yokoka matayala onse anayi, ndipo ziwiri n'zabwino kuposa imodzi. Tengani matayala apadera awiri, pampu, zomatira, fosholo ndi chingwe chokokera, chifukwa zitsa za tsanya n'zolimba kwambiri ndipo zimaboola tayala m'mbali, pomwe sipamatika. Dzadzani mafuta ku Tete, muwonjezere ku Chitima, munyamulenso ena m'zigubu. Mumchenga galimoto imamwa kwambiri kuposa pa tala. Madzi akhale malita 5 akumwa munthu aliyense pa tsiku, kupatula ophikira. M'dzinja dothi la m'tsanya limasanduka phala lomata ndipo mitsinje ya mchenga imadzadza mwadzidzidzi, kotero kuyambira Disembala mpaka Epulo ulendowu usiyeni. Juni mpaka Ogasiti n'kozizirirapo. Seputembala ndi Okutobala nyama zimasonkhana kumadzi ndipo zimaoneka mosavuta, koma kutentha kwake si kwa ana kapena odwala mtima.

Lankhulani ndi oyang'anira paki musananyamuke kuti akuuzeni za misewu, malo omanga msasa ndi ndalama yolowera, yomwe imasiyana pakati pa nzika ndi alendo akunja. Lipirani ndipo mulandire lisiti, chifukwa malamulo amati magawo 20 pa 100 a ndalama zotere azipita ku midzi yozungulira, midzi yomwe minda yake imadyedwa ndi njovu zomwe inu mwabwera kudzaona. Kuyenda pansi muchite pokhapokha muli ndi mlonda wa paki. Muyende mondondozana, mwakachetechete, mphepo ikuchokera kutsogolo kwanu. Njovu ya mwana musaiyandikire, ndipo musaime pakati pa mvuu ndi madzi, makamaka m'mamawa pamene ikubwerera kodya. Msasa usakhale pa njira yoponderezeka yotsikira kunyanja. Kashembe amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, choncho valani zotuwa kapena za khaki, za manja aatali. Gonani m'neti, ndipo mukamva kutentha thupi m'masabata otsatira mutabwerako, kayezetseni malungo tsiku lomwelo, munenenso kuchipatala kumene munapita.

Musayembekeze kuona nyama pa kona iliyonse. Tchire ndi lalikulu, nyama zimaopa anthu, ndipo tsiku likhoza kutha mukungoona mapazi ndi ndowe. Amene amakondwera ndi Mágoè ndi munthu wodekha, wokhala ndi masiku anayi kapena asanu ndi ndalama zokwanira.

Mukaika zonsezi pamodzi, kusiyana kwake kuli pa masiku, thumba ndi mwezi. Wa Loweruka limodzi lokha asankhe pakati pa Domwe ndi Dedza, poyang'ana ngati ali ndi pasipoti komanso ngati m'gulumo muli ana. Wa masiku atatu ndi gulu lalikulu apite ku Songo. Mu Okutobala ndi Novembala khalani kumtunda, muziyenda m'mamawa m'nkhalango za masuku, zigwa muzisiye mpaka chisanu. M'dzinja tinjira ta pafupi ndi mudzi n'tokwanira. Kulikonse kumene mwasankha, uzani munthu wotsala kunyumba dzina la mudzi womwe mukayambire, chiwerengero chanu ndi ola lobwerera, ndipo mumupatse nambala ya wokuperekezani kuti adziwe woyamba kumuimbira ola limenelo likadutsa.